Amayi Akachira, Matenda Ankabwerera

Amayi anga ankadwala nyamakazi. Zala zinkatupa m'mfundo, m'mawa zili gwa, moti mpango ndinkawamanga ndine. Tinkakhala ku Lifuwu, kumene abambo anali ndi munda wa mpunga pa sikimu, ndipo kuwokera mpunga kumafuna zala. Amayi ankalowabe m'matope, mbande zikupulumuka m'manja, iwo akuluma mano.

Koma akangotenga pakati, matenda ankathawa. Pofika mwezi wachinayi zala zinkawongoka, ankasinja, ankawokera ndime yonse akuimba. Kwathu mkazi akabereka timati wachira. Kwa amayi mawu amenewo anali chipongwe, chifukwa anthu akamati achira, pasanathe miyezi iwiri ankalephera ngakhale kufinya thewera.

Azakhali, mlongo wawo wa abambo, ndiwo anagamula mlandu, ife tikupuntha mpunga pabwalo.

"Achimwene, akazi anuwa ndi ulesi chabe," anatero. "Nyamakazi yanji yoopa mimba? Ngati mankhwala ake ndi amenewo, bwanji osawapatsa?"

Anthu anaseka. Abambo nawo anaseka, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.

Masiku amenewo zolera sunkazitchula n'komwe, boma silinkafuna kuzimva. Kuchipatala ankangowapatsa asipirini. Ndili Fomu 2 ndinalimba mtima n'kuwauza amayi kuti ana asanu ndi atatu akwana. Anandiyang'ana osakwiya.

"Mwanangu, iwe sudziwa kudzuka m'mawa wopanda ululu kukoma kwake," anatero. "Ndipo ndikakhala ndi pakati, palibe amanditchula waulesi."

Pa mimba yachisanu ndi chinayi anataya magazi ambiri. Anamwalira m'ngolo, msewu wa ku Salima asanaufike.

Patapita zaka, chipani chikadali chimodzi, ndinali namwino. Dokotala wina amene ankakonda kuwerenga anandifotokozera zimene ofufuza anali atangoyamba kuona. M'magazi muli tinthu totiteteza ku matenda, ndipo timakhala ndi timaunyolo ta shuga. Mwa odwala nyamakazi yotereyi timaunyoloto timafupika, ndipo thupi limayamba kudzitupitsa lokha. Mayi akaima, timabwerera mwakale kwa kanthawi, akabereka, timafupikanso. Ndinatuluka m'chipindamo n'kukalira kuseri kwa wodi. Amayi sananamepo, ndipo umboni unali m'magazi mwawo nthawi yonse ija tinkawaseka.

Patchuthi ndinakwera basi, kenako njinga, mpaka kwa azakhali. Ndinkafuna mawu amodzi okha, akuti tinalakwa. Ndinawapeza akuyanika usipa, atakalamba, maso atachita khungu pang'ono. Ndinafotokoza zonse mwapang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi odwala anga. Anamvetsera, akugwedeza mutu, manja osasiya ntchito.

"Ooh, kani vuto linali shuga?" anatero. "Nanga bwanji malemuwo sanangonena? Mesa pa golosale analipo, tikanawagulira."