Madamu ndi Kalasi Yosayankha

Sabata yachisanu ya mliri, Madamu anatseka kompyuta, n'kuweramira pa tebulo lodyera, misozi ili chuchuchu.

Anali ataphunzitsa Chifalansa pa yunivesite zaka makumi awiri, ndipo dzina loti Madamu anawapatsa ndi ophunzira awo. M'kalasi ankayang'ana milomo ya munthu n'kumukonza pomwepo. Tsopano sukulu inali yotseka, maphunziro ali pa intaneti, ndipo pagalasi la kompyuta pankangooneka timabokosi takuda. Akafunsa funso, zii. Mayeso olankhula anali atatsala mwezi ndi theka, ndipo wolephera ankayenera kubwereza chaka chonse.

"Kodi mukuphunzitsa anthu kapena mizukwa?" anaseka amuna awo, akuwaikira tiyi. Ataona misozi, kuseka kunathera pomwepo. "Pepani, amake ana. Koma mwawafunsa chimene chavuta?"

Anali asanawafunse. Aphunzitsi ndi otero, anazolowera kufunsa mafunso amene mayankho ake akuwadziwa kale.

M'mawa mwake anayamba kuwaimbira foni ophunzirawo mmodzimmodzi. Woyamba anali mtsikana wolongolola, amene m'kalasi ankachita kumuletsa. Anayankha monong'ona.

"Madamu, timakumvani bwinobwino. Kungoti kuno tilipo asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Ndikatsegula mawu, mungomva mwana wa achemwali akulira. Ndiye ndikamayeserera Chifalansa, alongo anga amathamanga ndi madzi, ati ndatsamwa."

Wina ankamvetsera ali kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, wina pakhonde loyang'ana msewu. Sunali ulesi ayi, anali manyazi. Madamu anawamvera chisoni ana awowo.

Lolemba anaika kompyuta m'khitchini, amuna awo akutsuka mbale uku akuimba.

"Mukumva? Amenewo ndi bambo akunyumba kwanga. Chikwatirane, nyimbo yawo ndi yomweyi, ndipo mpaka lero sanaidziwe. Tsegulani mawu nonse. Aliyense andiuze m'Chifalansa chimene chikusokosa kwawo."

Kenako kunamveka kulira kwa khanda, ndi mawu a mtsikana uja akunena m'Chifalansa kuti mwana ali ndi njala. Anaphonya mawu awiri. Madamu anamukonza mtima uli mbee.

Sizinayende myaa. Netiweki inkadukaduka, masiku ena ankabwera ophunzira asanu ndi atatu okha. Amene aphonya kalasi ankajambula mawu awo pa foni n'kutumiza, Madamu n'kumvetsera, kukonza, kubwezera, mpaka makutu kuwawa.

Tsiku la mayeso, woyesa wochokera ku yunivesite ina anapempha mtsikana uja kuti afotokoze za banja lake. Analankhula osapumira, mpaka bamboyo anakweza dzanja: "Basi, basi, kuli anzanu!"

Pa ophunzira makumi awiri ndi anayi, analephera awiri okha. Awiriwo Madamu sanawataye, amawaimbirabe Lachitatu lililonse.

Inu amene mukulankhula koma palibe akukuyankhani, musathamangire kunena kuti mwalephera. Mwina akukumvani, koma akusowa poyambira. Afunseni, ndipo mtima wanu usagwe.