Oyilo wa Amalume

Linali Loweruka pa 14 Juni, nthawi itangokwana 1 koloko masana, pamene ndinakwezera matayala akutsogolo a galimoto yanga pa njerwa kuseri kwa nyumba. Chiperoni chinali chitagwira kuyambira Lachinayi. Phiri silinkaoneka, ndipo zala zinkauma ndi kuzizira.

Galimotoyo ndinaigula nditapuma ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi. Inali yakale ndithu, yochokera ku Japan, ya otomatiki. Ndiyo inkanyamula nanazi ndi mapeyala athu kupita nazo ku Chinakanaka ndi ku Thuchila. Ikanafa, ina sindikanatha kugula. Kwa milungu itatu inkachedwa kulowa giya m'mawa, kenako n'kudzidzimuka ngati wina waikankha kumbuyo. Makaniko wina ku Limbe anati oyilo wa m'giyabokosi watha mphamvu. Anandisonyeza bawuti yotsitsira oyiloyo pansi, ndi kapaipi kothirira momwe mumakhala kachitsulo koyezera. Ndinagula zigubu ziwiri za oyilo wofiira, wopepuka ngati madzi. Potsanzikana anandigwira mkono.

“Bambo, muno musalowe oyilo wina ayi. Mukathira wolimba uja wa malole n'kuliza injini, za galimoto muiwale.”

Ntchitoyo ndinafuna kuigwira ndekha, mwakachetechete. Ndinali nditayala thumba pansi ndi kuika beseni lakale pamalo pake pamene ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga.

Anali amalume a mkazi wanga. Ine pamudzi pano ndinabwera kudzakwatira. Malo a nyumba ndi munda wa nanazi anatilozera ndi iwowo, poti ndiwo eni mbumba. Mkamwini satsutsa mwini mbumba pamaso pa anthu. Akakhala ndi mawu amawadzeretsa kwa mkazi wake. Ine ndinasunga zimenezo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo sizinandilemerepo.

Amalumewo moyo wawo wonse anakonza mathirakitala a pa esiteti. Tsikulo anabwera ndi chikwama cha masipanala. Pambuyo pawo panali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, bambo wa ana anayi amene pakamwa pake sipatsekeka. Iye ananyamula chigubu chakuda chotseka ndi chitsononkho.

“Akamwini, mwayamba kung'amba chinthu osatiuza eni ntchito?”

Ndinanjuta n'kuwomba m'manja. “Ndi kantchito kakang'ono, amalume. Sindinafune kukutulutsani m'nyumba ndi kuzizira kuno.”

“Kakang'ono? Inu manja anu ndi a bolopeni. Tasunthani.”

“Alamu awa sipanala amaigwira ngati supuni,” anatero mlamu wanga.

Ndinasuntha. Amalume anagona chagada pathumba paja n'kukwawira pansi pa galimoto. Ndinaopa kuti amasula bawuti ya injini, koma dzanja lawo linapita pamalo penipeni. Anaimasula bwino, osaipweteka, ndipo mtima unakhalako pansi. Oyilo wakale anatsikira m'beseni, wofiirira moderako. Atatuluka anaviikamo chala n'kuchiyang'anitsitsa.

“Taonani. Dzimbiri lokhalokha. Mwachedwa nayo.”

Sindinawauze kuti kufiirako ndi mtundu wake. Oyilo atasiya kudontha anabwezera bawuti n'kumanga. Ndinabweretsa chigubu changa chimodzi, ndinatsegula, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anathirako pang'ono pachikhatho. Anapekesa ndi chala, ananunkhiza, kenako anapukutira pa ovolosi.

“Awa ndi madzi. Uyu ndi wa haidiroliki, wokwezera pulawo. Anyamata a ku Limbe akuonerani kutali.” Analoza chigubu chakuda chija. “Giya imafuna oyilo wolimba, wa nainte. Uyu ndinasunga kuyambira ndili pantchito. Simungamupezenso m'sitolo.”

Mlamu wanga anazula chitsononkho. Fungo lake linandifika ndili chiimire, fungo la mazira owola lomwe ndinkalimva ndikadutsa pa galaja ya esiteti. Oyiloyo anali wakuda bii, wolemera ngati uchi.

Ndinanjutanso. “Amalume, ndifunseko, poti ine zimenezi sindizidziwa. Iyi ilibe kilatchi. Akuti magiya ake amasinthidwa ndi oyilo yemweyo, podutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Kodi wolimbayu adutsamo?”

“Akuti ndani?”

“Makaniko uja.”

“Anabadwa liti?”

Mlamu wanga anaseka mpaka kugwira mawondo.

“Giya ndi giya, akamwini,” anatero amalume. “Mano ndi mano. Akasowa cholimba amadyana.”

Ndinasolola kachitsulo koyezera kaja, ndinapukuta, n'kuwasonyeza zilembo zimene zinadindidwa pamenepo, zotchula mtundu wa oyilo wofunika. Anakatalikitsa, anakabweretsa pafupi, kenako anandibwezera. Magalasi awo anali atawasiya kunyumba.

“Zolemba za kwawo zimenezo. Kwawoko kuli matope ngati a kuno?”

Analowetsa fanelo m'kapaipi n'kuuza mlamu wanga kuti apendeke chigubu.

Ndinapita kukhitchini mosathamanga. Mkazi wanga anali kusenda chinangwa cha makaka, ketulo ili pambaula. Ndinamuuza monong'ona zimene zinali kuchitika, ndi zimene makaniko ananena. Anasiya mpeni.

“Ndiye mukufuna nditani, abambo?”

“Mukawauze. Kwa inu amva.”

“Ndikawauze pamaso pa mlongo wanga kuti ntchito yawo saidziwa? Mawa lomwe mudzi wonse ukhala ukuimba.” Anatolanso mpeni uja. “Chimwalirireni azakhali, lero ndi koyamba kuwaona atanyamula chikwama chija.”

“Galimoto ifa.”

“Dikirani. Ndiwaitanire tiyi. Akalowa m'nyumba, inu muchite zanu.”

Nditabwerera ndinapeza fanelo itadzaza mpaka m'milomo, oyilo osatsika. Kuzizira kunali kutamulimbitsa. Ankangomira pang'ono, n'kuima, thovu limodzi n'kutumphuka pamwamba. Ndinayamba kuyembekeza kuti atopa nazo okha.

Mkazi wanga anabwera n'kugwada chapatali. “Amalume, madzi a tiyi awira. Lowani mufundeko kaye.”

“Awira? Wachita bwino, mwana wanga. Abweretse kuno m'ndowa.”

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anabweretsa madziwo. Amalume anaimika chigubu chakuda m'ndowamo, n'kukhala pa njerwa kudikira.

“Umu ndi mmene tinkachitira mu Juni,” anatero. “Mzungu wa galaja ankati tidikire dzuwa. Ine ndinkati tiyi sadikira dzuwa.”

Anafotokoza za thirakitala ina imene inatitimira m'khwawa ndi ngolo yodzaza masamba, ndi mmene anaitulutsira. Nkhope yawo inali itawala. Ine ndinkangoyang'ana nthunzi ikukwera kuchokera m'ndowa.

Oyilo atafunda anayamba kutsika. Sankathamanga, koma sankaimanso. Fanelo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Mlamu wanga ankapendeka chigubu uku akuimba mluzu. Ine ndinaima ndi manja kumbuyo n'kumawerenga mumtima. Pa fanelo yachisanu ndinaleka kuwerenga.

Ndinadzilimbitsa ndi ganizo limodzi. Injini ikapanda kulira, oyiloyo angokhala m'chibeseni cha pansi pa giyabokosi, osayenda. Amene amamukwezera m'timabowo tija ndi pampu, ndipo pampu imayenda ndi injini. Makiyi anali m'thumba la buluku langa. Ndinapisa dzanja n'kuwagwira.

Ndinaganiza zomasula waya wa batire, koma amalume anali ataima pomwepo. Ndinaganiza zonena kuti makiyi asowa, koma mlamu wanga anali atawamva akulira m'thumba, ndipo akanandiseka n'kuwatulutsa yekha. Ndinaganizanso zonena kuti mafuta atha. Geji ikanandiyalutsa.

Amalume anasolola kachitsulo, anayang'ana, n'kugwedeza mutu movomera. Anachotsa fanelo, anapukuta manja ndi kansanza, chala chimodzichimodzi. Kenako anatambasula dzanja osandiyang'ana.

“Makiyi.”

Sindinasunthe.

“Alamu, agona?” anatero mlamu wanga. “Akuti makiyi.”

“Amalume, bwanji tiisiye igone kaye mpaka mawa?”

“Igone chifukwa chiyani? Ndi mwana? Oyilo azungulire akadali wofunda.”

Dzanja lija linali likadali m'mwamba. Mkazi wanga anali ataima pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja. Kuseri kwa mpanda ndinaona mipango iwiri ya amayi oyandikana nafe, amene anali ataima ndi zidebe pamutu.

Ndinanjuta kachitatu, koma m'manja sindinawombe chifukwa dzanja limodzi linali m'thumba.

“Pepani, amalume. Makiyi sindipereka.”

Mluzu uja unatha.

“Mwati bwanji?”

“Oyilo ameneyu ndi wabwino, koma ndi wa thirakitala. Injini ikalira ali mmenemo, giyabokosi ifa lero lomwe. Sindipereka.”

Mawu anga anatuluka mokweza kuposa mmene ndinafunira. Amayi a kumpanda aja anamva, sindikukayika.

Amalume anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anayang'ana galimoto, anayang'ana chigubu chawo chili m'ndowa, kenako anayang'ana mkazi wanga, osati ine.

“Mwana wanga, amuna akowa akuti ine ndabwera kudzapha chinthu chawo.”

“Sanatero, amalume.”

“Ndamva ndi makutu angawa. Zaka zonsezi ndimati tinalandira munthu wofatsa. Kani amangosunga.”

Ananyamuka. Mlamu wanga anayamba kutola masipanala, koma iwo anamuletsa ndi dzanja.

“Asiye. Aphunzira aja agwiritse ntchito.”

Anatuluka pachipata akuyenda mowongoka, manja ali m'matumba a ovolosi. Mlamu wanga anatsalira pang'ono.

“Alamu, mwaswa mphika,” anatero motsitsa mawu, ndipo nthawi imeneyi sanaseke. Kenako anawatsatira.

Ndinatseka boneti. Mkazi wanga anabwerera ku chinangwa chake. Pa chakudya chamadzulo anangofunsa funso limodzi.

“Nanga zikapezeka kuti galimotoyo yafa kale?”

Zimene ndinkadziwa za pampu ndinangozimva kwa munthu mmodzi ku Limbe, nditaima m'mbali mwa msewu. Oyilo uja analowa ali wofunda, ndipo sindinadziwe kumene anafika. Mwina ndinali nditanyoza mwini mbumba pamaso pa anthu, galimoto n'kufabe.

M'mawa mwake kutchalitchi sindinapite. Kutangoyera ndinakwawira pansi pa galimoto n'kumasula bawuti. Poyamba sipanatuluke kanthu. Kenako panatuluka chingwe chakuda chonenepa ngati chala, chotsika mwaulesi. Ndinadikira ola lathunthu chikadali kutsika. Nditaona kuti sichitha, ndinamasula mabawuti onse ozungulira chibeseni chija, ndikuwaika pa nyuzipepala mwa dongosolo lomwe ndinawachotsera. Imodzi inakana. Sipanala yanga inkaterereka, ndipo imene inagwira inali ya m'chikwama cha amalume.

Chibesenicho ndinachitsuka ndi parafini, pamodzi ndi sefa yake, n'kuzipukuta mpaka nsanza inatuluka yoyera. M'kapaipi kothirira ndinatsanuliramo wofiira pang'ono kuti atsuke njira, mpaka amene ankadontha pansi anasiya kuda. Ndinamanga zonse, n'kuthira wofiira wa chigubu choyamba.

Ndinakhala pampando nthawi ndithu makiyi ali pamalo pake, osapotokola. Mkazi wanga anatuluka atavala kale za kutchalitchi n'kuima pakhonde.

Injini inalira. Ndinaponda buleki n'kuyendetsa ndodo ya giya malo onse, kumaima pang'ono paliponse. Pa R, giya yobwerera m'mbuyo, inachedwa. Kenako inagwira. Ndinaisiya ilire mpaka itenthe, ndinazimitsa, ndinatsitsanso oyilo yense. Anatuluka wofiira, koma ndi timizere takuda. Ndinathira wa chigubu chachiwiri, ndinatsitsa galimoto pa njerwa, n'kuyezera pamalo osalala injini ikulira. Anafika pa mzere wake.

Nditaika pa D, yopitira kutsogolo, inalowa mosadzidzimuka. Ndinazungulira bwalo la mpira kawiri, ndikumvetsera. Giya yachiwiri inalowa, yachitatu inalowa, popanda kulira kwachilendo.

Nditabwerera mkazi wanga anali akadali pakhonde.

“Yayenda?”

“Yayenda.”

“Chabwino. Koma kwa amalume musapite nokha. Sakulandirani.”

Ndinasamba m'manja ndi sopo katatu, fungo la nainte osachoka. Ndinavala jekete, ndinagwira tambala wathu wamkulu n'kumumanga miyendo kuti adikire pakhonde. Kenako ndinaliza galimoto kulowera kwathu ku Milonde, kukatenga akulu anga kuti adzandiyankhulire. Podutsa pa nyumba ya amalume ndinachepetsa liwiro. Chitseko chinali chotseka, koma utsi unali kutuluka padenga la khitchini.