Chikuku cha Amalume

Ndalemba nkhaniyi chifukwa anthu amene anaiona ndi maso akutha, ndipo amayi, omwe atsala, safuna kuikamba. Tsopano ndili pa koleji, koma ndikamva gudumu la wilibala likulira mumsewu, ndimatembenukabe kufuna kuona amene akukankhidwa.

Chikuku cha amalume, njinga ya olumala ija, chinali chachitsulo, cha mpando wakuda wolowa pakati. Gudumu lakumanzere linkalira ngati mwana wa khoswe. Potsamira dzanja lamanja panali posupuka, ntchito ya zala za munthu wina amene ine sindinamudziwe.

Tinkakhala ku Old Town, kuseri kwa masitolo, pafupi ndi mzikiti. Amalume anali telala pa Msika wa Tsoka kufikira pamene sitiroko inawapha mbali imodzi ya thupi. Chipatala chimene chinawalandira chinali chaching'ono, cha mpingo, chodalira Akhristu a kutsidya kwa nyanja amene ankatumiza mankhwala, mabulangete ndi zikuku zakale. Ife ndife Asilamu, koma palibe amene anatifunsa za chimenecho. Zikuku zinali zochepa, ndipo tinadikira miyezi. M'masiku odikirawo amayi ankachoka masana atanyamula nthochi, nati akukazonda wodwala wina ku Area 3.

Tsiku limene chikuku chinapezeka, namwino wamkulu, mayi wa kumpoto, anati, "Chimenechi takubwerekani. Akadzasiya kuchifuna mudzabweze, pali ena akudikira." Ine ndinaganiza kuti anthu amabweza zikuku akachira.

Nyengo yozizira imeneyo ndinakhala wokankha amalume. Lachisanu lililonse ndinkawaveka kofia, ndi kuwafunditsa bulangete m'miyendo, n'kuwatengera ku mzikiti kudzera pamsika. Ankalankhula movutika, pakamwa patapotoka, koma nthabwala sanazisiye. "Adalaivala, laisensi muli nayo?" Atelala anzawo ankaimitsa makina n'kuwafunsa ngati galimoto yatsopanoyo ikumwa mafuta ambiri. Pa sabata yonse, ola limenelo ndi limene amalume ankakhala munthu wa pakati pa anthu.

Kenako kunayamba kubwera mayi wina. Anali wowonda, wovala chitenje cha mpingo wake, ndipo ankabweretsa manachesi atawamanga pangodya ya nsalu. Sitinkamudziwa, ankangoti anationa ku chipatala. Mwambo wathu ndi wakuti wodzazonda sabwezedwa pakhomo, ndipo safunsidwa chimene wadzera. Choncho ankagwada, n'kufunsa, "Mwadzuka bwanji, bambo? Thupi likuti bwanji lero?" Ankamvetsera yankho ndi mtima wonse, koma maso ake ankapita pangodya pamene pankakhala chikuku. Tsiku lina anapukuta fumbi la pagudumu ndi chitenje chake.

Amayi ankalandira manachesiwo ndi manja awiri. Mlendo akangotuluka, ankakawataya m'dzala. Ndikukumbukira fungo lawo akuwola padzuwa, ndiponso mkwiyo wanga poona zipatso zabwino zikudyedwa ndi ntchentche. Nditafunsa, amayi anangoti, "Si akudya amenewo."

Amene anaphwanya mwambo anali amalume. Masana ena mayiyo atamaliza moni, anamufunsa, "Mayi, mwasiya ndani kunyumba?"

Mayiyo anayankha kuti, "Bambo a ana anga. Anali alonda ku Area 10. Shuga inawadulitsa miyendo yonse iwiri. Popita ku chipatala ndimawabereka kumbuyo."

"Ndiye wodikira chikukuchi pambuyo panga ndinu?"

Mayiyo anaphimba nkhope ndi chitenje.

Amalume anandiitana nalamula kuti ndikankhe chikuku, ndipite nacho kwa namwino pamodzi ndi mayiyo. Amayi anakana mwamphamvu. "Achimwene, ku mzikiti muzipita bwanji?"

"Mulungu amadziwa pamene ndimagona," anatero amalume. "Sindifuna kuti munthu azichimwa mumtima chifukwa choti ine ndikupumabe."

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Njira ya ku chipatala inkadutsa pamsika, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu aone chikukucho chilibe munthu. Makina osokera anayamba kuima, amodzi pambuyo pa ena. Wogulitsa nsapato anavula chipewa. Bambo wina wokalamba anandigwira paphewa nandifunsa kuti maliro anyamuka nthawi yanji. Ndinayamba kufuula, "Alipo! Ali moyo!" koma nkhope zawo sizinasinthe, pakuti ku Old Town aliyense ankadziwa chimene chikuku chopanda munthu chimatanthauza, kupatula ine. Mayi uja ankabwera kumbuyo kwanga atawerama, ndipo gudumu linkalira njira yonse.

Namwino anatiyang'ana, nafunsa kawiri ngati amalume ananenadi okha. Kenako anachipereka kwa mayiyo.

Amalume sanatulukenso m'chipinda. Lachisanu likafika ankavala kofia yawo n'kumamvera muadhini akuitanira anthu ku mapemphero, iwo ali pamphasa. Anamwalira mphepo ya mu Ogasiti ikuulutsa fumbi. Pa tsiku la maliro, amuna akukonzekera kunyamula jeneza, chithatha cha maliro, ndinamva kulira kwa gudumu lija kukubwera m'kanjira. Ndinathamangira kunja, chifukwa kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti ndi amalume. Anali mayi uja, akukankha mwamuna wopanda miyendo amene ananyamula manachesi pachifuwa. Amayi anatuluka, ndipo akazi awiriwo anagwirana n'kulira ngati apachibale.

Kwa zaka zambiri ndinkamuweruza mayi ameneyo. Ndinkati ankabwera kudzaona ngati imfa yayandikira. Lero ndikuganiza kuti ankafunadi kuti amalume achire, ndipo ankafunanso chikuku, ndipo zonse ziwirizi zinkakhala mumtima umodzi. Akhristu amene anachitumiza, sindikayika, anachita zabwino. Sakanadziwa kuti mphatso imodzi pakati pa odwala ambiri imachititsa anthu abwino kudikirana imfa.

Chimene sindikanatha kumvetsa ndili mwana ndi chifukwa chimene amayi anamuzindikirira mlendoyo pa tsiku loyamba, asanalankhule kanthu. Ndinali nditakula kale pamene ndinakumbukira nthochi zija, ndi wodwala wa ku Area 3, ndiponso kuti amayi anasiya kupitako sabata imene chikuku chinafika pakhomo pathu. Sindinawafunsepo.

Ngati alipo wowerenga amene ankadziwa chipatalacho, kapena mayi wa manachesi, kapena munthu amene zala zake zinasupula potsamira paja, ndikupempha andikonze pamene ndalakwitsa. Makamaka pa za amayi anga, ndikanakonda wina atandiuza kuti ndalakwitsa.