Chingwe m'kamwa mwa a Sualehe

Pa chilumba cha Ibo, munthu akamanga zingwe zatsopano pa mlongoti wa ngalawa, sankanyamuka a Sualehe asanazimve. Zingwe zogwira mlongoti n'zamakani. Ukazikunga kwambiri zimafinya matabwa mpaka ngalawa kuyamba kuchucha. Ukazilekerera, mlongoti umagwedera ngati dzino, ndipo kusi, mphepo yamphamvu ya kum'mwera ija, akaupeza, basi wathyoka. A Sualehe ankangokoka chingwe ndi chala n'kuchisiya, khutu ali tcheru. Cha kumanja chilire mofanana ndi cha kumanzere. Ndi khutu limenelo anakwatira, analera ana, anaika mkazi wawo m'manda.

Koma mwana wawo Anchia ankadziwa chimene doko lonse silinkadziwa: makutu aja anali atatha. Kunyumba ankachita kuwagwira paphewa kuti tiyi wapsa. Ndiye taonani, mwamuna wake Abudo wagula zingwe zatsopano, akufuna kuwoloka ndi nsomba zouma kusi ali pachimake, ndipo waitana apongozi ake! Anchia anagwira njakata. Aulule, bambo ake achite manyazi pagulu? Akhale chete, mwamuna akamire?

"Madala, madzi akuphwa, tifulumireko!" anakuwa Abudo. A Sualehe sanacheuke n'komwe. Anchia anatsegula pakamwa kuti anene.

Asanatulutse liwu, nkhalamba ija inawerama, n'kuluma chingwe cha kumanja, n'kutsinzina, n'kuchikoka ndi chala.

"Abudo, apongozi sukuwadyetsa kodi?" anatero msodzi wina. "Ayamba zingwe!"

Anthu anafa nacho chiseko. A Sualehe anadutsa mbali inayo, analumanso.

"Ichi chikulira ngati ng'ombe, chinzakecho ngati mbuzi. Khwefulani uko, akamwini. Pang'ono! Mukumasula mtolo wa nkhuni kodi?"

Analuma, anakungitsa, analumanso, malovu akutsikira m'ndevu. Kenako anati, "Tayesani." Abudo anakoka cha kuno, anakoka cha uko. Abale inu, liwu limodzi! Chiseko chija chinathera m'mimba. Apo Anchia anazindikira. Kani bambo ake ankamvera m'mano, kulira kwa chingwe kukuyenda m'mafupa a mutu!

Ngalawa itatuluka padoko, kusi anadzaza thanga, ngalawa inapendekeka kwambiri moti Anchia anagwira pamtima. Mlongoti unangoti njo, osagwedera, mpaka thanga linazimirira kuseri kwa mitengo ya m'madzi.

"Zikomo, ababa," anatero Anchia. Iwo anali kuyang'anabe kunyanja, osamva kanthu. Anchia anatenga dzanja lawo lokhakhala lija, naliika pakhosi pake, n'kubwerezanso.

A Sualehe anatsinzina monga amachitira pa chingwe.

"Khosi ili lakungika kwambiri, mwana wanga. Khwefula pang'ono."

Ndipo Anchia analira.