Mzere wa Choko pa Mwendo wa Telala

Telala ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, mkazi, ana anayi ndi makina osokera opalasa ndi phazi. Wasoka pakhonde la sitolo imodzimodziyo kuyambira ali mnyamata. Sadandaula, ndipo anthu odandaula samva nawo chisoni.

Tsiku lina chitsulo chopondapo cha makinawo chinamukanda pamsongolo wakumanja. Kabala kake ngati ka chikhadabo. Anapukuta ndi chigamba n'kupitiriza kusoka. Sabata imeneyo mwana wake wotsiriza ankadwala zilonda zapakhosi. Palibe anaganiza kuti ziwirizi zingakumane.

M'mawa mwake mwendo unkawawa ngati auika pamoto. Wometa tsitsi wa khomo loyandikana anamuseka.

"Achimwene, thukuta lonseli chifukwa cha kabala aka?"

"Iwe samala mitu ya anthu. Mwendowu ndi wanga."

Anamwa mankhwala opha ululu. Masana anabwerera kunyumba mwendo utatupa, akunjenjemera, mano akugundana. Zachipatala anakana, ati mayunifolomu a ana asukulu sanathe. Mkazi wake anapisa m'thumba la malaya ake, natulutsa choko cholembera nsalu, n'kuzunguliza mzere pomwe kutupa kunalekezera.

"Bambo, kukadutsa apa tikupita. Musandiyankhe."

Pomwe mayiyo ankamaliza kuchapa ndi kuyanika, kutupa kunali kutadutsa mzere, khungu litada, matuza atatuluka. Telala anamuyang'ana mkazi wake ngati mlendo n'kumufunsa ngati wabweretsa nsalu. Wometa uja ndiye anamubereka mpaka pamsewu, osasekanso.

Atafika kuchipatala, dokotala sanazungulire. "Mayi, ndi bakiteriya wotchedwa sitirepu, yemweyo wa zilonda zapakhosi. Nthawi zina amalowa pabala, amadya mnofu n'kufika m'magazi. Ululu ukaposa bala, thupi likatentha, kutupa kukamayenda, sadikira mawa."

"Mwendowo muusiya? Ndi umene amapalasira makina."

"Tikuyesa kupulumutsa munthuyo."

Mayiyo anagwada pasimenti, atagwira mwendo wa bedi. "Dulani pang'ono chabe, adokotala. Chonde. Ana onse aja amadya phazi limeneli."

Anadula pamwamba pa bondo.

Telala akadali m'chipatala, impso sizinayambe kugwira bwino ntchito. Akadzuka amafunsa za mayunifolomu. Eni ake anadzatenga nsalu zawo. Makina ali pakhonde paja, awafunditsa chinsalu chakale.