Mayeso a Ubatizo a Amayi Anga

Ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi ndevu kale. Masana ndinkathyola tiyi ku esiteti ina ku Thyolo, madzulo n'kumakhala pansi ndi ana m'katchalitchi kofolera udzu, kulondola zilembo za katekisimu ndi chala.

Amayi anga Chinyanja chinawakanika. Anachoka kwa Apwitikizi ali aakulu kale, lilime litaumira m'Chilomwe. Koma ku kalasi ya ubatizo sankajomba. Mphunzitsi akafunsa, gulu lonse linkayankha pamodzi ngati nyimbo, iwo n'kumatsatira pambuyo. Pagulu ankamveka ngati odziwa. Paokha sankatha ngakhale kuyamba.

Chimene ankafuna ndinkachidziwa. Mlongo wanga anamwalira ali wobatizidwa, ndipo m'manda amene anaikidwa wosabatizidwa sankalowamo. Amayi anali atayamba kutsokomola magazi.

Tsiku la mayeso wansembe wachizungu ankaitana mmodzimmodzi. Wolephera ankamubweza kuti adikire chaka china. Amayi analibe chaka china.

"Mulungu ali kuti?" wansembe anafunsa amayi.

Amayi anatsegula pakamwa, kudikira gulu. Gulu panalibe.

"Bambo," ndinatero ndili chogwada, "ndi Alomwe awa. Aloleni ayankhe m'chinenero chawo, ine ndimasulira."

Wansembe anapukuta thukuta. "Chabwino. Afunse, ubatizo akuufuniranji?"

Ndinawafunsa. Anayankha m'Chilomwe, osadodoma: "Uwauze kuti mwana wanga akugona yekha pakati pa alendo. Ndikufuna ndikagone pambali pake. Za m'bukuzo ukudziwa ndiwe."

Mphunzitsi uja anali ataima pakhomo ndi ndodo yake yolozera. Chilomwe ankachimva bwinobwino, mkazi wake anali wakwathu. Anandiyang'ana.

"Akuti chiyani?" anafunsa wansembe.

"Akuti akufuna achotsedwe tchimo lobadwa nalo, akhale mwana wa Mulungu." Ndinatchula monga zinalembedwera patsamba, osaphonya liwu.

Wansembe anatembenukira kwa mphunzitsi. "Ndi zimene anena?"

Amayi anatsokomola, nabisa nsonga ya nsalu m'dzanja. Mphunzitsi anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Mayi awa sanajombepo, Bambo," anatero.

Wansembe anagwedeza mutu, naitana wotsatira.

Amayi anabatizidwa. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, tinawaika pambali pa mlongo wanga. Mphunzitsiyo sananene kanthu kwa ine za tsikulo mpaka imfa yake, ndipo ine sindinamufunse.

Patapita zaka nanenso ndinaphunzitsa katekisimu yemweyo. Ndikafika patsamba limenelo, ndinkapereka buku kwa wina kuti awerenge.