Mchenga wa m'Nsapato

Dzina lenileni la a Mawotchi linatha kalekale ngati sopo. Mumsewu wonse wa masitolo, kuyambira kwa ometa tsitsi mpaka kwa osoka nsapato, ankawadziwa ndi ntchito yawo basi. Kachipinda kawo kanapanikizika pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya mankhwala, moti munthu wonenepa ankalowamo chammbali. M'katimo munali tebulo, nyale yopinda khosi, timabokosi ta tizitsulo tosagwirika ndi zala, ndi mawotchi apakhoma amene eni ake anawaiwala kapena anamwalira asanadzawatenge. Onsewo a Mawotchi ankawapukusa m'mawa uliwonse. Ankati wotchi ikaima sipweteka munthu, chopweteka ndi zii amene imasiya m'nyumba.

Anakwatira atakula kale, ndipo anakwatira mkazi wamasiye. Mayiyo anabwera tsiku lina ndi wotchi yapamkono ya mwamuna, lamba wake atauma gwa, mkati muli dzimbiri ndi mchenga. Anati sakufuna kuti iziyenda, angoitsuka. A Mawotchi anaitsuka, ndipo anachedwa nayo dala kuti mwini wake azibwerabwera kudzafunsa.

Nkhani ya wotchiyo mayiyo anaikamba kamodzi kokha, ukwati usanachitike. Mwamuna wake woyamba, amene ankamutchula kuti Wamtali, anapita naye ku chilumba atangokwatirana kumene, ku kahotela ka m'mphepete mwa nyanja komwe kanali ndi masitepe amiyala otsikira m'madzi mwenimweni. M'mawa wina Wamtali anavula wotchi, naiika pa sitepe yapamwamba, nati, “Undisungire, ndikubwera.” Anatsika. Madzi anamufika m'mawondo, m'chiuno, m'khosi. Sanatulukenso, ndipo ngakhale mtembo sunaoneke.

Kuyambira pamenepo nkhaniyo inakwiriridwa. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, anamulera, anamukwatitsa. Koma m'mawa uliwonse, asanavale nsapato, akazi awo ankazitembenuza n'kuzigogoda pansi, kho kho, ngati munthu wochotsa mchenga. Tauni yawo inalibe mchenga, inali ya phula ndi matope. A Mawotchi sanafunsepo. Ankangodziwa kuti m'nyumbamo muli munthu wachitatu, wosadya, wosatsokomola, wosakalamba. Wotchi yake inkagona m'kabati pansi pa nsalu zapatebulo, ndipo ndi yokhayo imene iwo sanaipukusepo.

Ukalamba utafika, nzeru za akazi awo zinayamba kudontha ngati madzi m'chidebe chobooka. Poyamba anali makiyi, kenako mayina a anansi, kenako njira ya kumsika. Tsiku lina akumwa tiyi, mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti atuluka liti m'madzi, ndipo tsitsi lauma msanga bwanji. A Mawotchi anali aafupi, adazi lowala ngati mbale. Mwana wawo, amene tsopano anali namwino, anaseka mpaka misozi atamva. Iwo anasekako pang'ono pomuthandiza. Koma kuchokera tsikulo, masiku ena ankadzuka ali a Mawotchi, masiku ena ali Wamtali, ndipo masiku a Wamtali ankachulukirachulukira.

Namwinoyo ndi amene anabweretsa maganizo a ulendo. Anati amayi akufunika mphepo ina, anati banja lonse lipite limodzi pamene amayi akadazindikira zidzukulu. Anabwera Lamlungu masana ndi mwamuna wake, dalaivala wa magalimoto akuluakulu, munthu woti pakamwa sipauma nthabwala. Anakhala pabalaza, foni ili pakati, akuonetsa mahotela a pazilumba.

Yoyamba inali ndi dziwe losambiramo ana, madzi ake ofika m'mawondo, komanso namwino wake pompo. Mwana wawo anaikonda imeneyo. Yachiwiri inali ya tinyumba toimikidwa pamitengo pamwamba pa madzi, mabedi atawazapo maluwa.

“Iyi ndi yanu, bambo,” anatero mkamwini. “Mukayambirenso chibwenzi. Mwina n'kutibweretsera kamlamu kakang'ono.”

“Iwe, ulemu,” anatero mkazi wake, akumumenya ndi khushoni.

Yachitatu inali yakale, yongopakidwa penti watsopano, gombe lake lopapatiza, yopanda dziwe. Namwino anaidumpha ndi chala. A Mawotchi anamuuza kuti abwezeko. Anatulutsa m'thumba kagalasi kawo ka diso limodzi, kamene amaonera matumbo a wotchi, n'kukaika pachithunzicho. Mkamwini anati bambo akufuna aone ngati kukhitchini kuli mphemvu. Koma iwo ankayang'ana pangodya, kuseri kwa maambulera. Pamenepo panali masitepe amiyala, akuda ndi ndere, otsika mmodzimmodzi mpaka kuzimirira m'madzi.

Anachotsa kagalasi, napukuta diso. Akazi awo anali pampando wa pazenera, akupinda ndi kupindanso kansalu kamodzi komweko.

“Musankhe ndinu, bambo,” anatero namwino. “Ndinu mukuwadziwa.”

Anapempha kuti aganize kaye.

Sabata imeneyo ntchito sinayende. Ankatsegula wotchi n'kuiwala chimene aitsegulira. Ankadziwa bwino kuti ku hotela ya dziwe akazi awo akakhala mlendo, zonse zikakhala zachilendo, ndipo akagwira dzanja la nkhope imene aizolowera, ya wadazi. Kumeneko mwina akazi awo akabwerera kwa iwo masiku angapo. Koma ku masitepe kuja n'kwa Wamtali. Kumeneko mchenga, fungo la madzi, chilichonse chikamuchitira umboni, ndipo a Mawotchi akhoza kukwera boti lobwerera ali munthu wosadziwika, wongonyamula zikwama. Zaka zonsezi sanachitepo nsanje ndi womwalira. Koma mbale ikatsala pang'ono kutha, ndi pamene munthu umayamba kuyang'ana dzanja la mnzako.

Anali atatsimikiza za hotela ya dziwe. Tsiku lomwe ankati akamuuze mwana wawo, anabwerera kunyumba masana kukadya, n'kupeza akazi awo ataima pakhomo lotsegula, opanda nsapato kumapazi, nsapatozo zili m'manja. Sankalira mokweza, misozi inkangotsika yokha. Atawafunsa kumene akupita, anati boti linabwera, anthu anawakweza mokakamiza, ndipo anamusiya Wamtali yekha. Anati iye akatuluka akapeza pa sitepe palibe munthu, palibe wotchi, ndiye akaganiza chiyani?

A Mawotchi anawalowetsa m'nyumba, nawaveka nsapato, kenako anaimbira mwana wawo kumuuza kuti asankha hotela ya masitepe ija.

Namwino anakana. Anati masitepe aja ndi oterera, ana alibe posambira, chipatala chili kutsidya. Pamenepo bambo ake anamuuza za Wamtali, mwachidule, monga anauzidwira iwo. Iye ankangodziwa kuti amayi anakwatiwapo kale, za chilumba sankazidziwa.

“Ndiye mukufuna mukawapereke nokha, ndi manja anu?”

“Mayi ako akhala ataima pa sitepe paja moyo wawo wonse,” anatero a Mawotchi. “Miyendo yatopa, mwanangu.”

Anafika pachilumbapo ndi boti la m'mawa. Mkamwini anasanza njira yonse, ndipo zidzukulu zinati madalaivala a pamtunda ndi amantha. Anawapatsa chipinda choyang'ana kumadzi, cha bedi lachitsulo ndi zenera lovuta kutseka. Akazi awo sanadabwe ndi chilichonse. Anayenda m'khonde ngati munthu amene anachokapo dzulo, ndipo tsiku lonselo a Mawotchi anali Wamtali. Anavomera. Anafunsidwa ngati madzi akuzizira, iwo anati pang'ono.

Kutacha, mayiyo anatembenuza nsapato n'kuzigogoda, kho kho. Mchenga unagwa pansi. Anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuukhudza ndi chala chakuphazi. Kenako anatsegula kachikwama kawo, ndipo a Mawotchi anaona kuti wotchi ija yabwera nawo. Ndani anawakumbutsa za pansi pa nsalu zapatebulo, munthu woiwala ngakhale pamene pali mchere, iwo sanadziwe.

Anatsikira kugombe atagwirana manja. Masitepe anali pomwepo, miyala yake yodyeka pakati. Anakhala pa yapamwamba. Madzi ankabwera n'kunyambita za m'munsi, n'kubwerera. Patali ankamva zidzukulu zikukwirira bambo awo mumchenga.

“Nayi wotchi yanu,” anatero mayiyo. “Ndakusungirani. Musadzanene kuti ndinathawa.”

“Sindinganene zimenezo.”

Anaiveka pamkono pawo. Lambayo anali wa dzanja lalikulu, wotchi inangolendewera. A Mawotchi anayang'ana kumadzi kuti nkhope yawo isaoneke. Mumtima anati basi, zatha, zimene ankaopa zija ndi izi, ndipo anazisankha okha.

Mayiyo anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo. Anasisita bondo lawo. Kenako anayamba kuwauza, motsitsa mawu ngati akuulula chinsinsi, kuti wotchiyo inalowa mchenga, koma pali munthu wina amene anaitsuka. Wamfupi, wadazi, wosayankhulayankhula. Anati munthuyo ali ndi kachipinda kodzaza mawotchi a anthu ena, ndipo amawapukusa onse ngati ndi ake.

“Musakhumudwe,” anatero. “Ndi munthu wabwino. Ndimafuna ndizipita, angade nkhawa. Akakhala yekha amaiwala kudya.”



“Pitani,” anatero a Mawotchi. “Akukudikirani.”

Anawadzutsa pang'onopang'ono. Asanatembenuke, anavula wotchi ija n'kuiika pa sitepe yapamwamba, pamene mwini wake anaisiya. Anakwera kubwerera kuhotela, mayiyo patsogolo, osacheuka.

Chakumasana a Mawotchi anatsikanso okha. Wotchi panalibe. Mwina anatola wosesa gombe, mwina mwana wa alendo ena. Iwo sanafunse aliyense. Anangoona kuti mwala wapamwamba ndi wonyowa, pomwe dzuwa linali paliwombo ndipo madzi anali kutali pansi.

Atabwerera kutauni, mayiyo sanachire. Matenda aja sabwerera m'mbuyo. Masiku ena ankawatchula kuti achimwene, masiku ena ankawafunsa mwaulemu ngati awonako munthu wokonza mawotchi. Koma Wamtali sanamutchulenso, ndipo nsapato ankangozivala.

Anamwalira mvula ya chaka chotsatira. A Mawotchi akadalipo, akadatsegulabe kachipinda kaja, ngakhale masiku ano anthu amaonera nthawi pafoni. Wosoka nsapato amawaseka kuti zidendene za nsapato zawo zimatha msanga, chifukwa m'mawa uliwonse, asanavale, amazitembenuza n'kuzigogoda pansi. Iwo amati nthawi zina mumagwa mchenga.